Buku la Mine Boy ndi Anthu Oyenda m'Mzere

Pa caka ca 1946, m'mzinda wa London, munasindikizidwa buku la Cingerezi la nkhani yopeka lochedwa Mine Boy. Amene analilemba ndiye Peter Abrahams, mnyamata wa ku South Africa, amene pa nthawiyo anali wa zaka 27. Bukuli ndi laling'ono ndipo mau ace ndi apafupi, kotero kuti munthu amene anafika Standard Six akhoza kulitsiriza m'masiku atatu osafunsa mphunzitsi. Koma kupepuka kwa mau kumanyenga. Anthu awiri akhoza kuwerenga masamba omwewo, wina m'nyumba yofunda ku Mangalande, wina m'komboni ku Nkana atangoweruka nchito, ndipo pokambirana pambuyo pace nkuoneka monga anawerenga mabuku awiri osiyana. Cowasiyanitsa si nzeru ai, koma zimene yense wa iwo anadziwa kale za malamulo, misonkho ndi maulendo a nthawi ya atsamunda asanatsegule tsamba loyamba.

Nkhani yace ndi iyi. Mnyamata wamphamvu, dzina lace Xuma, afika ku Johannesburg usiku kucokera kumudzi kwao kumpoto, wopanda ndalama ndi wosadziwa munthu. Alandiridwa ndi Leah, mai wogulitsa mowa mobisa m'dera la amphawi lochedwa Malay Camp. Apeza nchito pa mgodi wa golidi, nakhala kapitao wa Mzungu wa tsitsi lofiira wa mtundu wa ku Ireland, Paddy O'Shea. Akonda Eliza, mphunzitsi wa sukulu, koma Eliza amsiya nakwera sitima. Leah amangidwa ndi apolisi. Potsiriza mgodi ugumuka nupha anthu awiri, wakuda ndi woyera, ndipo Xuma akaniza anzace kutsikanso pansi kufikira malo oopsawo atakonzedwa bwino.

Mbiri iyamba kulankhula pa cikuto peni peni. Kwa Mngerezi wa ku London liu lakuti boy ndilo mnyamata wamng'ono, ndipo poona dzina la bukuli akhoza kuyembekeza nkhani ya mwana. Koma kuyambira ku Cape kufikira ku Katanga liu limeneli linali ndi nchito yina. Mwamuna wa imvi, wa ana asanu ndi adzukulu, anali kuitanidwa boy ndi Mzungu amene akanakhoza kukhala mwana wace. Wophika anali boy, wa m'munda anali boy, ndipo ngakhale kapitao woyang'anira anthu makumi atatu pansi pa nthaka anali boss boy. Cotero munthu amene anaitanidwapo ndi liu limenelo aona kale, asanawerenge, kuti mlandu wa m'bukuli ndiwo wakuti Xuma adzakhala liti munthu wamkulu pamaso pa dziko ndi pamaso pa iye mwini.

Abrahams sanataye masamba ambiri kufotokoza cimene cinacotsa Xuma kumudzi, ndipo wowerenga wacilendo akhoza kuyesa kuti anali mnyamata wokhumbira magetsi a m'tauni. Mbiri inena zina. Golidi anapezeka ku Witwatersrand mu 1886, koma mwala wace unali wosauka ndi wakuya, ndipo eni migodi anaona kuti phindu lingakhalepo pokha pokha ngati anchito ali ambiri ndi malipiro ao ali ocepa. Munthu wokhuta pa munda wace sapita kukakumba dzenje la mnzace. Potero misonkho inaikidwa yolipira ndi ndalama, ndipo mu 1913 nyumba ya malamulo ya South Africa inakhazikitsa lamulo la nthaka, Natives Land Act, limene linasiyira anthu akuda magawo monga 7 okha mwa magawo 100 a dziko lao. Mu 1936 anaonjezapo kufikira monga magawo 13. Xuma sanachule malamulo amenewa ngakhale kamodzi, koma ndiwo anamuika pa mseu usiku uja.

Pali malo amodzi m'bukuli amene owerenga ambiri a kutali amangopitirira, koma amene ayenera kuimitsa munthu wa kuno. M'mawa woyamba, Xuma ali pa njira ya ku mgodi pamodzi ndi Johannes, mnzace wozolowera nchitoyo, aona mzere wautali wa amuna ulikuyenda kucokera ku komboni, ndi apolisi a pa mgodi m'mbali mwao atanyamula zibonga ndi nthungo. Johannes amfotokozera kuti amenewo si anthu a m'tauni, koma anatengedwa ndi Azungu kucokera ku midzi, ena ku dziko la Apwitikizi ndi ena ku Rhodesia. Mzerewo upitirira, ndipo nkhani ibwerera kwa Xuma. Palibe mmodzi wa m'mzeremo amene wowerenga amtsata kufikira ku cipinda cace ca m'komboni, kapena kumva dzina la mudzi wace.

Koma wowerenga wa ku Mongu, wa ku Chipata kapena wa ku Dedza awadziwa anthu amenewo. Mwa iwo muli agogo ace, kapena malume amene anapita ku Joni natumiza kalata kawiri, kenaka zii. Kampani yolemba anthu, Witwatersrand Native Labour Association, imene anthu anaicha Wenela, inatambasula manja ace kufikira maiko a kumpoto. Anthu a ku maiko ofunda anafa ambiri ndi cibayo m'makomboni ozizira a ku Rand, mwakuti mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ocokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22. Ciletsoco cinacotsedwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo Wenela anayambanso kutenga anthu ku Barotseland ndi ku Nyasaland. Ngakhale m'zaka za ciletso, ambiri anapitabe pa okha, ulendo umene anaucha selufu, kuyenda pansi miyezi, kugwira maganyu ku Southern Rhodesia, ndi kuoloka Limpopo mozemba. Amene sanabwerere kwao anachedwa machona. Tsono pamene mlendo aona mzere wa anthu opanda nkhope, wa kuno aona mudzi wotsala ndi akazi ndi nkhalamba, ndi denga limene palibe wolifolera.

Apa m'pamene munthu ayenera kunena mosabisa kuti bukuli lili ndi malire ace. Xuma sagona m'komboni. Akhala kwa Leah, pambuyo pace apeza cipinda cace, ayenda m'misewu Loweruka, nasankha mkazi womkonda. Moyo wotere unali wa owerengeka. Unyinji wa anchito a m'migodi ya golidi unali kukhala m'makomboni a amuna okha okha, ambiri m'cipinda cimodzi, pa makama a simenti, pansi pa kontarakiti imene kuithawa kunali mlandu wa ndende. Mlembi anasankha munthu wa ufulu pang'ono cifukwa ndiye amene anamdziwa. Abrahams anabadwa mu 1919 ku Vrededorp, dera la amphawi la mu Johannesburg momwemo. Atate wace anali wa ku Ethiopia namwalira iye akali mwana, ndipo amace anali Mkaladi. Anakulira m'timisewu ta m'tauni, naphunzira pa sukulu za mishoni za Anglican, ku Grace Dieu ndi ku St Peter's ku Rosettenville. N'cifukwa cace bwalo la Leah alilemba ndi mtima wonse, kununkha kwace ndi phokoso lace, koma za pansi pa nthaka adutsapo msanga. Munthu amene anagwirapo cibowolero ca miyala maola asanu ndi atatu adzaona kuti masamba a pansiwo ndi ocepa.

Za Leah, owerenga amagawikana kwambiri. Amene sadziwa malamulo a nthawiyo aona mkazi woswa lamulo, wopatsa wapolisi ciphuphu kuti amuuze tsiku la kufufuza, ndi wolemera ndi ndalama za oledzera. Zonsezi zilimo, ndipo mlembi sanazibise. Koma lamulo limene Leah analiswa linali lotani? Munthu wakuda ku South Africa sanaloledwe kugula mowa wa Cizungu kufikira 1962. Mowa wa makolo ace, umene kumudzi unali wa pa ukwati, pa maliro ndi pa dima, m'tauni unasanduka mlandu akaufulula mkazi pa nyumba pace. Mzinda wa Durban ndiwo unayamba kumanga nyumba za mowa za boma, lamulo la 1908 litaloleza, ndipo phindu lace linali kulipirira kayendetsedwe ka malokesheni. Mizinda yina inatsata, ndi Johannesburg yemwe mu 1938. Ndiko kunena kuti mowa sunali woipa pamaso pa boma, koma woipa anali mkazi wopikisana ndi boma pa malonda. Ndipo mkazi wakuda m'tauni ya migodi analibe nchito zina zambiri, koma kucapa zobvala za Azungu kapena kuwaphikira. Amai a pa Copperbelt amene anakwirirapo migolo m'nthaka pakumva kuti apolisi alinkudza sadzafuna munthu wowamasulira mtima wa Leah.

M'nyumba ya Leah muli nkhalamba yochedwa Daddy, cidakwa cogona m'matope, cimene ana aciseka. Pambuyo pace wowerenga auzidwa kuti Daddy anali munthu wolemekezeka ndi wolimba mtima pamene anafika m'tauni, wotsogolera anzace, ndipo ndiye anathandiza Leah pa masiku ace oyamba. Wa ku Ulaya amva cisoni cabe. Koma kwa munthu woleredwa m'mwambo wakuti nkhalamba ndiyo mutu wa bwalo, imene mau ace atsiriza mlandu, kuona mkulu ali gone pa mseu anthu namlumpha ndi cinthu coopsa koposa imfa yace imene. Mwambo wa wowerenga ndiwo upatsa tsambalo kulemera kwace.

Eliza ndiye amene ambiri amamweruza mofulumira. Akonda Xuma, koma sangathe kukhala naye, pakuti mtima wace ukhumba nyumba yoyera, mabuku, nyimbo ndi zobvala monga za Azungu, ndipo Xuma sadziwa kuwerenga. Amuna ambiri potseka bukuli amati mkaziyo anali wonyada, ndipo amakondwa kuti Xuma atsala ndi Maisy, wanchito wa m'nyumba wokonda kuseka. Kuweruza kotere n'kosacedwa, koma sikukwanira. Eliza sanabadwe ndi njala imeneyo. Anaiphunzira pa sukulu. Sukulu za mishoni zinaphunzitsa ana akuda kukonda ukhondo, mabuku ndi ulemu wa Cingerezi, ndi kuyesa za kwao zinthu za mumdima. Atatsiriza, dziko lomwelo linawauza kuti malo amene zinthuzo zipezeka si ao, kuti malipiro a mphunzitsi wakuda adzakhala kacigawo cabe ka malipiro a mnzace woyera, ndi kuti nyumba ya mabuku ya mumzinda njotsekedwa kwa iwo. Anamcotsa pa mphasa osampatsa mpando. Akalaliki ndi aphunzitsi ambiri a m'Northern Rhodesia anadziwa kuwawa kumeneku, angakhale ocepa anakubvomera poyera. Ndipo mwina n'cifukwa cace ophunzira ndiwo amakwiya naye Eliza koposa osaphunzira.

Pali munthu mmodzi wa pansi pa mgodi amene mlembi anamuonetsa bwino ndithu. Xuma apeza wanchito alikulabvula mwazi, koma munthuyo ampempha kuti asaulule, pakuti ali ndi ngongole kwa Mzungu kwao, ndipo aopa kuti akamcotsa nchito nthawi yace isanakwane banja lace lidzataya zonse. Xuma auza Paddy, ndipo Paddy athandiza kuti munthuyo alandire ndalama zace napite kwao. M'nkhani zithera pomwepo. M'mbiri, nthenda ya fumbi la mwala ndi cifuwa cacikuru zinabwezera anthu osawerengeka ku midzi kukafera kumeneko, ndipo cipepeso ca munthu wakuda cinali cocepa kutali poyerekeza ndi ca Mzungu wodwala nthenda yomweyo. Cinamcititsa mantha munthu uja si nthenda, koma kontarakiti ndi ngongole. Amene sanaonepo citupa kapena tikiti ya masiku makumi atatu adzayesa kuti munthuyo anali wopusa pobisa matenda.

Tsono nkhani ya Paddy, imene ili pa mtima pa bukuli. Paddy alangiza Xuma kuti adziyese munthu poyamba, ndipo za khungu zidze pambuyo. Xuma akana, pakuti aona kuti mau otere ngopepuka pakamwa pa munthu amene sanafunsidwepo pasi. Koma mgodi utagumuka, ndipo Johannes ndi Mzungu wace Chris atafa pamodzi pocirikiza malowo kuti anzao apulumuke, manijala alamula kuti anthu atsikenso. Xuma akana, ndipo Paddy asiya Azungu anzace naima kumbali ya anthu akuda. Owerenga a ku London mu 1946, nkhondo ya Hitler itangotha, anakondwera ndi cithunzi cimeneci, pakuti cinawauza kuti cikondi ca pa abale cikhoza kugonjetsa tsankho, ndi kuti pakati pa Azungu pali olungama.

Wa pa mgodi akhoza kugwedeza mutu, ndipo ali ndi cifukwa. Ku South Africa lamulo la migodi la 1911, limene linalimbitsidwa mu 1926, linatsekera anthu akuda nchito za luso, ndipo amene analimbikira ciletsoco koposa anali anchito oyera eni ace. Mu 1922 iwo ananyamula mfuti ku Rand, namenyana ndi boma la Smuts, poopa kuti eni migodi adzapatsa anthu akuda nchito zao. Ku Copperbelt bungwe la anchito oyera linayambika mu 1936, ndipo linateteza mpanda womwewo zaka zambiri. Mu May 1935 anthu akuda ananyanyala nchito ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Roan Antelope cifukwa ca kukwera kwa msonkho, ndipo 6 anaphedwa ndi mfuti ku Luanshya. Mu 1940 Azungu anayamba ndiwo sitalaka, nalandira zimene anafuna. Anthu akuda atatsata citsanzo cao, asilikari anaombera ku Nkana, ndipo anafa anthu 17. Munthu amene akumbukira zimenezi awerenga za Paddy monga ciyembekezo ca mlembi, osati monga cinthu cimene cinali kucitika kawiri kawiri.

Ciyembekezoco cinali ndi kwao. Abrahams anacoka ku South Africa mu 1939, nagwira nchito pa zombo, nafika ku Mangalande, kumene anayanjana ndi anthu a cipani ca Komyunisti, amene ciphunzitso cao cinali cakuti anchito onse ndi amodzi, ndipo mdani wao ndiye mwini cuma. Mu 1945 anathandiza kukonza msonkhano wa Pan-African Congress ku Manchester, kumene kunali Kwame Nkrumah, Jomo Kenyatta ndi Dr Hastings Banda. Maganizo awiri amenewa, la umodzi wa anchito ndi la ufulu wa anthu akuda, alimbana m'masamba otsiriza a Mine Boy, ndipo Paddy ndi Xuma ndiwo awanyamula. Kunena zoona, Xuma wa pa mapeto alankhula pang'ono monga munthu wa pa nsanja ya msonkhano, wosiyana ndi mnyamata wacete uja anafika usiku. Koma mlembi anacita bwino pa cinthu cimodzi: woyamba kukana ndiye Xuma, ndipo Mzungu atsata pambuyo.

Komabe wa pa Copperbelt nayenso acenjere, kuti angawerenge mbiri ya iye mwini m'malo mwa ya Xuma. Migodi ya mkuwa inalola amuna ambiri kukhala ndi akazi ao ndi ana m'makomboni, cinthu cimene migodi ya golidi inakana kwa onse koma owerengeka. Mu 1949 anchito akuda a m'Northern Rhodesia anapanga bungwe lao lalikuru, lotsogozedwa ndi Lawrence Katilungu, ndipo makampani anakhala nalo pa gome. Mu 1952 linacita sitalaka ya masabata atatu nilipambana malipiro okwera. Xuma analibe zotere. Kukana kwace kunali kwa munthu wopanda bungwe kumbuyo kwace, wopanda thumba la ndalama, m'dziko limene kunyanyala nchito kwa munthu wakuda kunali mlandu. Amene ayesa kulimba mtima kwace ndi muyeso wa Kitwe wa 1952 adzakupeputsa. Koma pa kugumuka kwa mgodi palibe kusiyana kwa maiko: pa 25 September 1970 matope ndi mcenga zinalowa mu mgodi wa Mufulira nizipha amuna 89, ndipo mabanja a kumeneko awerenga imfa ya Johannes ndi maso ena.

Bukuli linafika m'manja mwa ana a sukulu a mu Afirika makamaka kuyambira 1963, pamene kampani ya Heinemann inalisindikizanso monga buku la nambala 6 m'mndandanda wa African Writers Series. La nambala 4 linali Zambia Shall Be Free la Kenneth Kaunda. Pa nthawiyo maiko anali kulandira ufulu, ndipo acinyamata anawerenga Xuma monga kalambula bwalo wa ufuluwo. Abrahams mwini anali atasamukira ku Jamaica mu 1956, kumene anakhala kufikira imfa yace mu 2017.

Nkhani ya Xuma itha iye alikuyenda ndi Maisy kunka ku polisi kukadzipereka, pakuti safuna kusiya Paddy yekha m'manja mwao. Zimene woweruza ananena mlembi sanalembe. Koma m'caka comweco bukuli linaturuka, pa 12 August 1946, anthu a m'mzere aja, amene m'bukumo angopitirira opanda maina, anakana kutsika pansi. Anali oposa 60,000, otsogozedwa ndi African Mine Workers' Union ndi mkuru wace J. B. Marks, ndipo anafuna masheleni 10 pa tsiku m'malo mwa masheleni awiri ndi makobiri owerengeka amene anali kulandira. Apolisi analowa m'makomboni ndi mfuti ndi zibonga, ndipo sabata isanathe sitalaka inasweka; anthu osacepera 9 anafa, ndi oposa 1,200 anapwetekedwa. Atsogoleri anatengedwa ku khoti, bungwelo linafota, ndipo anchito akuda a m'migodi ya golidi sanakhalenso ndi bungwe lamphamvu kufikira 1982, pamene National Union of Mineworkers inayambika, Cyril Ramaphosa ali mlembi wace wamkuru.